Magalasi a Kabotolo

1. Nkhomaliro ya madzi

Pa shopu ina yosokera zovala aliyense anali ndi dzina la pantchito. Dzina limene anakupatsa makolo unkalisiya pakhomo pamodzi ndi matope a kunsapato.

Panali Madala a Sizasi, amene ankadula nsalu pa thebulo lalikulu la pawindo. Panali Zikhadabo, mtsikana wa makina a pakati, amene zikhadabo zake zinkasintha mtundu sabata iliyonse. Panali Abwana, mayi wamfupi wosazungulira polankhula, tepi ili lende m'khosi tsiku lonse. Ndipo pakona, pafupi ndi mulu wa zidutswa za nsalu, pankakhala mtsikana wina, Kabotolo.

Dzinali analipata sabata yoyamba. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana, anzake ankawoloka msewu kukagula chakudya. Iye ankatulutsa kabotolo ka madzi m'chikwama, n'kumwa, n'kupukuta pakamwa ngati wadya nyama.

"Tiye tikadye, iwe," ankatero Zikhadabo.

"Ndadya kale kunyumba."

"Wadya nthawi yanji? Paja umafika kuno tambala asanasukusule."

"Musiyeni mwanayu," ankatero Madala a Sizasi akuvala chipewa. "Ndi galimoto ya makono iyi, imayendera madzi."

Onse ankaseka n'kutuluka. Kabotolo ankatsala yekha ndi makina ozizira, akumva mawu awo akuzilala kutsidya kwa msewu.

Ntchito ankaidziwa. Msoko wake unkawongoka ngati chingwe cha womanga nyumba, ndipo Abwana ankamupatsa makolala a malaya, amene sapatsidwa kwa munthu wamba.

Vuto linayambira pa singano. Ulusi unayamba kukana kulowa. Ankaunyowetsa ndi malovu, kuupota, kuloza pa kabowo, ulusi n'kudutsa pambali. Pofika masana mutu unkagunda ngati muli munthu wokhoma zitini. Anayamba kuweramira pa makina mpaka mphuno kutsala pang'ono kusokedwa.

"Iwe Kabotolo," anatero Abwana tsiku lina, "ukusoka nsaluyo kapena ukuinunkhiza? Kayezetse maso."

"Ndi fumbi chabe, abwana."

Silinali fumbi.

2. Mawu a amayi

Kabotolo ankachita lendi kachipinda kuseri kwa golosale. Munali matiresi, ndowa, kasitovu, ndi msomali wopachikapo zovala. Babu ankaliyatsa pofuna kuona pogona basi. Atsikana a zipinda zoyandikana poyamba ankamuitana kokayenda, koma kokayenda kumafuna ndalama ya basi, ndiye ankakana. Anakana mpaka anasiya kumuitana. Tsopano ankangomva kuseka kwawo kudzera m'khoma.

Malipiro akabwera, ankalipira lendi, n'kutumiza zina kwa amayi ake kumudzi. Zotsala ankazisunga mu foni, ndipo zimenezo zinali ndi dzina: malata. Denga la amayi ake linkadontha. Mvula ikamagwa, mlongo wake wamng'ono ankakulunga mabuku a sukulu m'pepala la pulasitiki n'kugona atawakumbatira. Kabotolo analonjeza kuti mvula ya chaka chino ipeza denga latsopano.

Tsiku limene ankanyamuka kubwera ku tauni, amayi ake anamugwira dzanja podikira basi, n'kumuuza mawu awa:

"Tamvera, mwana wanga, ndipo umvetsetse. Ndalama ilibe miyendo, koma imathamanga kuposa galu. Ukaigwira, fumbata. Kumene ukupitako chilichonse chili ndi pakamwa. Nsapato idzakuitana, diresi lidzakuitana, ngakhale sopo wonunkhira adzakupatsa moni. Iwe uzingodutsa ngati wogontha. Bambo ako sanayambe ndi mowa ayi. Anthu amati mowa, koma ine ndinalipo. Anayamba ndi wotchi. Anabwera nayo ikunyezimira pamkono, akuti munthu wa pantchito ayenera kudziwa nthawi. Wotchi inaitana nsapato, nsapato zinaitana jekete, jekete linaitana anzake, anzakewo ndiwo anaitana botolo. Lero ali kuti? Anatisiyira denga lodontha n'kupita. Magazi akewo ali mwa iwe, ndimawaona ukamayang'ana zinthu za m'sitolo. Tsiku limene udzanene kuti, 'Aka kokha n'kanga, ndavutikira ndine,' udziwe kuti wavala wotchi ya bambo ako. Pang'onopang'ono ndi mtolo, mwana wanga. Koma ulipo mtolo wa chuma, ulipo mtolo wa umphawi."

Mawuwa sanali oipa. Anali mawu a mayi amene analera ana awiri ndi manja ake awiri. Koma mankhwala, ngakhale abwino, amamwedwa ndi supuni. Kabotolo anamwa botolo lonse. Akagula sopo, mtima unkamutsutsa mpaka sopoyo kutha. Akagula buledi, ankamudya ngati wakuba.

3. Thebulo la m'mbali mwa msewu

Loweruka masana, ataweruka, anapita kumene amayeza maso. Anangofika pa chitseko chagalasi. Ataona mitengo yomatidwa pamenepo, anabwerera ngati waponda moto.

Pafupi ndi pokwerera basi panali bambo wina wa kathebulo. Ankagulitsa maloko, zipeso, mabatire, ndi magalasi oyalidwa m'mizere pa katoni.

"Sisi, bwerani muone dziko! Mukuyenda mofinya maso ngati mwadya ndimu."

Kabotolo anaima.

"Valani awa. Tsopano werengani apa." Anamupatsa kachidutswa ka nyuzipepala yakale.

Zilembo zinakula ngati nyemba. Anawerenga mzere wonse.

"Mwaona? Awa amavala ndi madokotala omwe, kungoti amabisa."

"Sipafunika kuyezetsa?"

"Kuyezetsa n'kumeneku, sisi. Mwawerenga kapena simunawerenge?"

Mtengo wake unali wa buledi wa masiku ochepa chabe. Ananenerera, bamboyo anatsitsa, iye analipira.

Popita kunyumba msewu unkaoneka ngati watupa. Potsika pa khonde la sitolo phazi linafika pansi mochedwa, anangotsala pang'ono kugwa. Anati maso azolowera. Madzulo amenewo sanaphike, kuti abwezeretse ndalama ya magalasi.

Safunsa anadya phula.

4. Nsalu ya mizere

Lolemba Kabotolo atangolowa atavala magalasi aja, Zikhadabo anaomba m'manja.

"Eee, agogo afika! Mwayenda bwanji, agogo? Adzukulu mwawasiya ndi ndani?"

Kabotolo anakhala pa makina ake, mutu ukuzungulira pang'ono.

Tsiku limenelo Madala a Sizasi kunalibe. Anali atapita kukayeza mawindo a makatani ku nyumba ina yakutali. Koma pa thebulo pawo panali ntchito yofulumira: malaya a operekera zakudya ku hotela ina. Nsalu anabweretsa okha eni hotelawo, yoyera ya mizere yobiriwira, ndipo anali atanena kuti inanso ngati imeneyo kulibe.

"Madala achedwa," anatero Abwana. "Kabotolo, dzanja lako ndi lokhazikika. Dula zakutsogolo, Zikhadabo ayambe kusoka."

Nsalu ya mizere ili ndi lamulo limodzi. Sizasi imatsata mzere umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, kuti malaya akamangidwa mabatani, mizere ya uku ndi uku iime mofanana. Kabotolo lamuloli ankalidziwa. Anapinda nsalu kangapo monga amachitira Madala, kuti adule malaya ambiri nthawi imodzi. Anaitsina ndi mapini, n'kulemba ndi choko.

Ataweramira, mizere inayamba kusambira. Akatsinzina diso lamanzere, mzere unali apa. Akatsinzina lamanja, unali apo. Akatsegula onse, inalipo iwiri. Apa mpamene munthu amaika sizasi pansi n'kunena kuti, "Abwana, sindikuona." Koma kunena choncho kunali kuvomera kuti ndalama ya magalasi yapita pachabe. Anasankha mzere umodzi n'kuyamba kudula.

Sizasi inanyamuka pa mzere wina, n'kukafika pa mzere wina.

Zinadziwika Zikhadabo atasoka malaya oyamba n'kuwapachika. Mizere ya kumanja inkatsika molunjika. Ya kumanzere inkapendekera kumbali ngati ikuthawa mnzake.

"Mayo ine," anatero Zikhadabo. Nthabwala zinamuthera.

Abwana sanakuwe. Anatambasula zidutswa zonse pa thebulo, chimodzichimodzi. Zonse zinali chimodzimodzi. Kenaka anatambasula dzanja.

"Patse magalasiwo."

Anawavala, n'kuwavula msanga.

"Wagula kuti?"

"Pa msewu, abwana."

"Kwa uja wa maloko?"

Kabotolo anayang'ana pansi.

"Nsalu iyi ndilipira ine, chifukwa sizasi ndakupatsa ndine. Kwa eni hotela ndikagwada ndine. Koma tamvera. Ine ndinalemba ntchito manja ndi maso. Manja ndikuwaona. Maso ubwere nawo Lolemba likudzali, pamodzi ndi pepala la dokotala. Ukapanda kutero, mpando uwo alipo ambiri akuupempha. Pakali pano uzisita ndi kusesa. Makina usawakhudze."

"Ndilibe ndalama, abwana."

"Amakulipira ndani? Si ine? Sudya, suvala, sukwera basi. Usandinamize, mtsikana iwe."

5. Mafuta a makina

M'mawa mwake anthu sanamuseke. Zikanakhala bwino akanamuseka. Ankamudutsa mwakachetechete ngati pali maliro, iye ali pa thebulo lositira, nkhope ku khoma.

Nthawi ya nkhomaliro Madala a Sizasi sanavale chipewa. Anatulutsa buledi m'pepala, n'kunyema pakati.

"Iwe wa madzi, bwera kuno. Gwira."

"Ndadya kale, madala."

"Bodza limenelo lakalamba kuposa ine. Idya. Sindikugulitsa."

Anadya. Akudya misozi inatsika, ndipo ananena zonse: za denga, za mabuku a mlongo wake, za lonjezo, za wotchi ya bambo ake. Madala anamvetsera akudontheza mafuta m'makina akale a pakona. Atatha anati:

"Gwira gudumu ili, uzungulitse. Wamva? Likuyenda ngati madzi. Makina awa ndi aakulu kuposa iwe, mwina kuposa amayi ako. Akuyendabe chifukwa amamwa mafuta, ndipo mafuta amagulidwa. Kodi telala akagula mafuta a makina ndiye kuti wasakaza? Ndinaonapo anthu akumana makina mafuta kuti asunge ndalama. Anasungadi, mpaka tsiku limene makina anauma. Tsono tamvera, mwana wanga. Pali kusunga, pali kuumira, pali kudzipha. Atatuwa amafanana nkhope ngati ana a bere limodzi, koma si munthu mmodzi. Amayi ako sindikuwatsutsa ayi. Mnzako Zikhadabo akanamva theka la mawu awowo, bwenzi pano ali ndi shopu yake. Uja ndalama imamuyabwa m'manja, mwezi ukafika pakati amabwereka ndi ya basi yomwe. Iye anagwera dzenje la uku. Iwe pothawa dzenje limenelo wadumpha njira yonse n'kukagwera la uko. Njira ili pakati, ndipo ndi yopapatiza. Usanagule chinthu uzichifunsa kuti, 'Kodi iwe ukandigwirira ntchito, kapena ine ndizikakugwirira ntchito?' Wotchi ya bambo ako sinkasoka malaya. Koma malata ukunenawo achokera kuti? Achokera m'maso mwakomo. Sunga khosi, mkanda uoneke."

"Nanga mvula ikabwera?"

"Ikabwera yabwera. Adzatchera mabeseni chaka chino monga anatchera chaka chatha. N'zowawa, sindikukana. Koma ntchito ikakuthera, adzatchera mabeseni mpaka mlongo wakoyo adzamere imvi."

"Amayi sadzamva."

"Mwina sadzamvadi. Ine sindikulonjeza kuti akaombera m'manja. Ndangokuuza za mafuta." Anapukuta zala pa kansanza. "Ndipo nyenyeswa izo usese, Abwana asatipeze tikudyera pa nsalu za eni."

6. Kwa dokotala wa maso

Lachinayi anapempha nthawi, n'kupita. Nthawi ino chitseko chagalasi chija anachikankha.

Pa benchi yodikirira aliyense anali ndi womuperekeza. Nkhalamba ina inali ndi mwana wake, kamtsikana kena kanali pa miyendo ya bambo ake. Kabotolo anakhala kumapeto, chikwama atachikumbatira pachifuwa.

Dokotala anali mayi wachitsikana. Anamukhazika pa mpando wautali, n'kumuveka chitsulo cholemera pamphuno, n'kumasintha timagalasi tating'ono.

"Zili bwino apa, kapena apa?"

"Apa."

"Nanga apa?"

Mwadzidzidzi chifunga chinachoka. Zilembo za pa khoma zinaima chilili, chilichonse pachokha, mpaka mzere wa pansi penipeni. Anatembenuka n'kuona thumba la chovala choyera cha dokotala.

"Mwaona chiyani?" anafunsa dokotala.

"Thumba lanu analisoka mokhota."

Dokotala anaseka. "Basi, maso apezeka. Ndinu telala?"

"Inde."

"Maso anu awiriwa ndi osiyana, lililonse likufuna galasi lakelake. A pa msewu aja mbali zonse n'zofanana, ndipo anapangira anthu achikulire owerenga nyuzipepala. N'chifukwa chake mumaona ziwiriziwiri. Masana mumadya?"

Kabotolo anayang'ana chikwama chake, momwe munali kabotolo ka madzi.

"Muzidya. Mutu winawo si wa maso."

Kunja kwa chipindacho kunali mayi wogulitsa mafelemu, ndiye kuti timitengo togwira magalasi. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, koma anamwetulira.

"Nkhope yanuyi ikufuna iyi, achemwali."

Inali felemu yopyapyala ya mtundu wa golide. Kabotolo anaivala n'kuyang'ana pa kalilole. Anaona mtsikana wokongola amene sanakumanepo naye. Anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo asaname munthu, anaifuna felemuyo.

"Musaope mtengo. Mutha kumalipira pang'onopang'ono mwezi uliwonse."

Anaivula msanga. "Yotchipa kwambiri ndi iti?"

Mayiyo anatulutsa ina m'kabati ya pansi. Inali yopepuka ngati udzu. Kabotolo anaipinda pang'ono monga amayesera singano, n'kumva kuti ikulira.

"Imeneyo ikagwa kamodzi mubweranso," anavomera mayiyo.

Panali ina yakuda, yopanda chokongoletsa chilichonse. Kabotolo anaitembenuza, anayang'ana polumikizira, anatsegula ndi kutseka timiyendo take. Inali yolimba. Mtengo wake unali pakati. Anaika zitatuzo pa galasi la kauntala.

"Iwe ukandigwirira ntchito," anatero motsitsa mawu, atagwira yakudayo.

"Mwati bwanji, achemwali?"

"Ndati nditenga iyi."

Polipira chala chinaima pamwamba pa foni. Mayiyo anadikira. Kumbuyo kunali anthu. Kabotolo anadina. Uthenga unalowa, ndipo ndalama za malata zoposa theka zinali zitapita.

"Mudzatenge Loweruka."

Atatuluka anakhala pa sitepe ya sitolo yotseka. Anthu ankadutsa, aliyense ndi ulendo wake. Panalibe womuuza kuti wachita bwino, panalibenso womukalipira. Ankadzimva ngati waba m'thumba la amayi ake.

Atakhalitsa anamva njala. Anawoloka msewu, anagula banzi ndi kapaketi ka mkaka, n'kudya ali chiimire. Mtima unayamba kulankhula monga mwa masiku onse. Anaulola kulankhula, iye n'kumatafuna mpaka banzi linatha.

7. Alendo a Loweruka

Lolemba anaika pepala la dokotala pa thebulo la Abwana. Abwana analiwerenga, n'kumuyang'ana kumaso, n'kutola chidutswa cha nsalu ya mizere yowonongeka ija.

"Dula thumba, ulisokere apa. Mizere ikumane."

Makina onse anaima. Kabotolo anadula, n'kukhala pa mpando wake. Ulusi unalowa pa singano ulendo woyamba. Atamaliza, thumba linkachita kusowa pa nsalupo, mizere italumikizana ngati sinadulidwepo.

Abwana anayang'ana kutsogolo, anayang'ana kuseri.

"Makolala ali apo akukudikira," anatero, n'kuchoka.

"Koma abale," anatero Zikhadabo, "munalibe ena okongolako? Awa ngati a mphunzitsi wa masamu."

"A golide analipo."

"Ndiye?"

"Sasoka."

Madala a Sizasi anatsokomola, akubisa kuseka m'nsalu.

Ntchito inali itapulumuka. Inatsala nkhani ina. Lamulungu amayi ake anali ataimba foni kawiri, iye osayankha. Ataweruka Lolemba limenelo, dzuwa lisanalowe, anakhala pa matiresi n'kuimba yekha.

"Dzulo unali kuti?" anayamba choncho amayi ake, moni asanathe. "Wogulitsa malata akuti mwezi wamawa mitengo ikwera. Tumiza zimene wasungazo, tigule tisanachedwe."

Bodza linali pafupi. Akanatha kunena kuti malipiro achedwa, kapena kuti foni yavuta.

"Amayi, ndalamazo sizokwanira. Zambiri ndagulira magalasi a maso."

Ankamva nkhuku zikulira kumbuyo, ndi mlongo wake akufunsa kuti, "Ndi achemwali?"

"Magalasi," anatero amayi ake.

"Inde. Maso anasiya kuona bwino, ndinawononga nsalu ya eni. Abwana anati ndikapanda kuyezetsa, ntchito yatha. Analemba ndi dokotala."

"Unafunsa ndani?"

"Sindinafunse, amayi. Ndikukuuzani."

"Ukundiuza."

"Malata ndidzagula, sindinaiwale. Koma mvula yoyamba ikupezani ndi denga lomwelo. Pa chimenecho pepani, amayi, pepani kwambiri. Koma magalasiwa sindibweza."

Chiyambire sanawayankhepo amayi ake chotero. Anadikira mkuntho. Mkuntho sunabwere, ndipo zimenezo zinamuopsa koposa.

"Uwauze eni nyumba ako kuti Loweruka kubwera alendo."

"Alendo ake ati?"

"Ine ndi amalume ako."

"Amayi, ulendowo ndi wodula. Mungodikira ndidzabwere ndine pa…"

"Za kudula usandiphunzitse ndiwe. Udzatichingamire pa basi."

Foni inaduka.

Amayi ake anali asanakwerepo basi kubwera ku tauni. Ankati imeneyo ndi ndalama yotaya pawindo. Ndipo amalume sankaitanidwa pa nkhani zazing'ono. Ankaitanidwa mwana akasochera, kuti akamubweze kwawo.

Kuseri kwa khoma atsikana aja ankaseka nkhani zawo. Kabotolo anayatsa babu, ngakhale kunja kunali kusanade. Anakankhira magalasi pamphuno n'kuyang'ana chipinda chake monga adzachiyang'anire alendo. Anaona ming'alu ya m'khoma, matiresi opyapyala ngati chikuto cha buku, ndi diresi limodzi pa msomali. Pa ndowa yovundikira panali mbale imodzi, supuni imodzi, kapu imodzi.

Alendo anali awiri, ndipo sankabwera kudzacheza.